Kadindidwe ka madizaini pa nsapato: kuyambira pa patani mpaka nsapato itatuluka mu chikombole

Nsapato yamaluwa kapena yamizeremizere imene mumaiona itatha kale ija, nthawi zambiri dizaini yake sinadindidwe nsapatoyo ili yathunthu ayi. Inadindidwa ikadali zidutswa zafulati pa tebulo, singano isanadutsepo, guluu asanapakidwe, soli ili kwina. Nde vuto lonse la ntchito imeneyi lagona pamenepa: mumadinda pa chinthu chafulati, koma chinthucho chikubwera kudzasokedwa, kukokedwa pa chikombole (chinthu chonga phazi chomwe amaumbirapo nsapato), kutenthedwa, kenako munthu azichipinda ndi phazi tsiku lonse. Mukangoganizira za pa tebulo pokha, dizaini imaoneka bwinobwino lero, mawa nsapato ikatuluka duwa lija lapotoka, zilembo zalowa pansi pa soli, inki yayamba kung'aluka. Tiyeni tizitsate bwinobwino.

Yambani ndi chinthu chomwe mukudindapocho, osati dizaini

Anthu ambiri amathamangira pa kompyuta kukajambula. Dikirani kaye. Tengani nsalu kapena chikopa chomwe nsapatoyo ipangidwe nacho, muchidziwe kuti ndi chiyani kwenikweni chifukwa ndi chimene chikusankhireni inki komanso njira yodindira.

Kanivasi wa thonje ndiye savuta, amamwa inki yamadzi bwino, plastisol, inki yokhuthala youma ndi moto pokha, nayenso amagwira. Nsalu ya poliyesitala ya nsapato zothamangira ija imafuna sublimation, njira yolowetsa utoto mu ulusi ndi moto, ngati ili yoyera, ikakhala yakuda kapena yofiira nde pali nkhani ina yomwe tiikamba kutsogoloku. Chikopa chenicheni chimakhala ndi finishi pamwamba, pena phula pena mafuta, inki siingagwire musanachotseko zimenezo. Zikopa zopanga zija zilipo za PU ndi za PVC, mitundu iwiri ya pulasitiki, pamaso zimafanana koma inki zake ndi zosiyana, ndipo PVC amatulutsa pang'onopang'ono mankhwala omufewetsa aja moti mukaika inki yolakwika imakhala yonyatanyata olo patapita masabata. Ndiye pali EVA, pulasitiki wofewa ngati siponji, ndi labala wa mapatapata, amenewa ndiye amwano kuposa onse, amachoka kwa owapanga ali ndi timafuta toterera pamwamba ndipo EVA akamva moto wambiri amakhwinyata.

Kayeso kachangu: dontheza dontho limodzi la madzi pamwamba. Likalowa kapena kumwazika, malowo alandira inki mosavuta. Likangokhala ndwii ngati kamkanda, dziwani kuti pali chinachake chotchinga madzi ndipo chitchinganso inki yanu, pafunika kupukuta kapena primer, mankhwala opaka poyamba kuti inki igwire. Funsaninso kwa amene akukugulitsani nsaluyo kuti anaipaka chiyani. Ena sanena pokhapokha muwafunse.

Dizaini muijambulire pa chikombole, kenako muigonetse

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa nsapato zambiri zimafera pano inki isanatsegulidwe n'komwe.

Tengani chikombole cha nsapato ya saizi yapakati, muchikute chonse ndi tepi yapepala ija, mizere iwiri yopingasana kuti ilimbe. Jambulani ndi pensulo pa tepipo pomwe pakhale misoko, pomwe pakhale mabowo a zingwe, ndi pomwe mukufuna dizaini ikhale. Muyang'ane kuchokera pamwamba monga mmene mwini wake aziionera ataimirira, muyang'anenso cham'mbali monga mmene anthu ena aziionera. Mukakhutira dulani tepiyo pakati kutsogolo ndi kumbuyo, muimatule mosamala, muimate pa katoni yafulati. Muona kuti sikufuna kugona, m'mbali mwake mufunika kuchekacheka pang'ono kuti igone. Chimene mwachionacho ndiye chichitikire nsalu yanu mobwerera: ili yafulati, ikukakamizidwa kuti izungulire. Zili ngati kujambula nkhope pa chibaluni musanachipope, mukapopa mphuno ija imapita kwina.

Pa patani yafulatiyo lembanipo malo atatu omwe inki sikuyenera kufika kapena iyenera kusamala.

Oyamba ndi m'mphepete mwa pansi, mbali imene imapindidwira kunsi kwa chikombole n'kumatidwa ku soli. Kawirikawiri imakhala mamilimita 12 mpaka 18. Pamenepo inki isapiteko, chifukwa guluu akagwira inki m'malo mogwira nsalu ndekuti soli yanu yamatidwa pa inki, ndipo tsiku lomwe inki idzamatuke soli nayo idzatsegula kukamwa. Ngati soli ili ndi khoma lokwera m'mbali, kapena pali lamba wa labala wozungulira ngati wa nsapato za kanivasi, yezani kuti akukwera mpaka pati, dizaini ikalowe pansi pake mamilimita awiri kapena atatu basi kuti pasaoneke mpata, osapitirira apo.

Achiwiri ndi m'misoko. Chidutswa china chikamakwera pa chinzake chimabisa mamilimita angapo. Zilembo ndi nkhope zizikhala kutali ndi msoko, apo ayi singano idzadula chilembo pakati.

Achitatu ndi pomwe nsapato imapindikira munthu akamayenda, kuseri kwa zala paja. Malo amenewa amapindika pa sitepe iliyonse. Inki yochindikala yodzaza malo onse ikakhala pamenepo imang'aluka msanga, palibe kuchitira mwina. Ngati dizaini ikuyenera kudutsapo, ikhale yamadonthomadontho kapena timizere toonda tosiya mipata kuti nsalu izipuma, kapena mugwiritse inki yotamuka.

Tsopano nayi njira yomwe ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zina zonse, ndipo siidya ndalama: musanakonze sikirini ya dizaini yeniyeni (ukonde wa pa felemu womwe inki imadutsamo podinda), tengani chidutswa chimodzi chakutsogolo mujambulepo timabokosi ta sentimita imodzi imodzi ndi rula ndi bolopeni, muchisoke, muchikoke pa chikombole monga nsapato yeniyeni. Mukachiyang'ana muona timabokosi ta pamwamba pa phazi tili bwinobwino, koma ta kumphuno kwa nsapato tatalika, ta m'mbali tapendekeka, tina tathawira pansi. Yezani ndi rula. Ngati bokosi la mamilimita 10 lasanduka 11 kutsogolo, ndekuti pa kompyuta dizaini ya malo amenewo muifupikitseko mwadala kuti ikakokedwa ikafike pa saizi yake. Madizaini ozungulira ndi amizere yowongoka ndi amene amaulula kupotoka msanga. Amaluwa ndi amawangamawanga amakhululuka, nchifukwa chake kwa woyamba kumene ndimati ayambe ndi amenewo.

Kumanja ndi kumanzere: dizaini ya phazi lina imatembenuzidwa ngati pagalasi kuti peyala ioneke yogwirizana, koma zilembo ndi manambala sizitembenuzidwa, muzikonze pazokha. Zimamveka ngati zachibwana koma anthu amadinda mapeyala mazana dzina likuwerengeka chammbuyo pa phazi limodzi. Komanso mbali yamkati ndi yakunja ya nsapato imodzi sizofanana kutalika, musangokopera.

Nkhani ya masaizi. Pa masaizi a ku Ulaya aja, 38, 39, 40, saizi iliyonse imasiyana ndi inzake ndi mamilimita pafupifupi 6.7, pomwe a ku UK amasiyana ndi mamilimita pafupifupi 8.5. Ndiye dizaini imodzi singakwane kuyambira 36 mpaka 45, pa yaing'ono idzadzadza mpaka kulowa mu soli, pa yaikulu idzaoneka ngati yasochera. Sikuti mupange sikirini ya saizi iliyonse ayi, zingakudyereni ndalama. Gawani m'magulu, masaizi awiri kapena atatu pa sikirini imodzi.

Mudinde musanadule kapena mutadula?

Ngati dizaini ndi yobwerezabwereza nsalu yonse, dindani pa nsalu yaikulu kenako mudule. Ndi zachangu, koma nsalu imatayika yambiri ngati mukufuna kuti mapazi awiri afanane, ndipo m'mphepete mopita guluu muja mudzafunika kupalamo inki. Ngati dizaini ili ndi malo akeake, monga chizindikiro cha pa lilime kapena duwa la pambali, dulani kaye zidutswa nde muzidinda chimodzichimodzi.

Podula onetsetsani mbali yomwe nsalu imatamukira. Lamulo la opanga nsapato ndi loti kuchokera ku chidendene kupita ku zala nsalu isatamuke kwambiri. Zidutswa zikadulidwa mosakaniza, china chotere china chotere, dizaini idzakokeka mosiyana pa mapazi awiri ngakhale munadinda ndi sikirini imodzi.

Mukasankha zodula kaye, pangani jig. Ndi katoni yolimba kapena pulasitiki yopyapyala yomwe mwaboola ndendende mmene chidutswacho chilili, n'kuimata pa tebulo kuti chidutswa chilichonse chizigwera malo amodzimodzi. Pakani guluu wa pa tebulo wosagwiritsa uja pang'ono kuti nsalu isanyamuke ndi sikirini. Musadalire maso. Pofika chidutswa cha 50 maso amakhala atatopa.

Kukonza sikirini

Mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake. Dizaini ya mitundu itatu, masikirini atatu, ndipo ngati nsalu ndi yakuda onjezani yachinayi ya inki yoyera yoyala pansi. Pa kompyuta siyanitsani mitunduyo, uliwonse muusindikize wakuda bii pa filimu yoonekera, m'makona muikemo timitanda toti muzilondolera kuti mitundu igwere pamodzi. Filimuyo muiyang'anire ku getsi, ngati kuwala kukudutsa pakudapo sindikizani ziwiri muziphatikize.

Ukonde wa sikirini umasiyana kukula kwa timabowo. Wa 43T, kutanthauza ulusi 43 pa sentimita, umadutsitsa inki yambiri, ndi wabwino pa kanivasi ndi pa inki yoyera. Wa 77T kapena 90T ndi wa timizere toonda ndi zilembo zing'onozing'ono. Wa 120T ndi wa inki zopyapyala za thinala zodindira pa PVC ndi zinthu zina zosalala zomwe sizimwa inki. Mukaika ukonde wamabowo aakulu pa chinthu chosamwa, inki imasefukira m'mbali dizaini n'kuoneka yonenepa.

Tsukani ukondewo uchoke mafuta, uume, pakani emulsion, mankhwala omwe amalimba akawalitsidwa ndi getsi, m'chipinda chopanda dzuwa, mbali zonse ziwiri, muugoneke kuti uume. Ngati inki yanu ndi yamadzi gulani emulsion yopirira madzi, ngati ndi ya thinala gulani yopirira thinala, mukasokoneza sikirini imasungunuka ntchito ili mkati. Kenako ikani filimu, muwalitse ndi getsi la UV, kumeneku ndiye kuwotcha sikirini. Nthawi yake imadalira getsi lanu ndi emulsion yanu, nde yesani kaye: tchingani sikirini ndi katoni, muzisuntha pang'onopang'ono kuti zigawo zilandire nthawi zosiyana, mukatsuka muone chigawo chomwe chatuluka bwino. Lembani nthawiyo pakhoma. Mukatsuka ndi madzi dizaini imatseguka, kwinako kumatsala kolimba. Timabowo tosafunika tsekani, m'mbali matani tepi.

Pukutani, sakanizani inki

Kanivasi ingomuchotsani fumbi ndi timaulusi. Chikopa, PU, PVC, EVA ndi labala pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol kapena mankhwala amene opanga inkiyo anena, muyambe mwayesa pa kachidutswa kotaya chifukwa mankhwala ena amadya finishi mpaka mtundu kusintha. Pa EVA ndi labala nthawi zambiri pamafunika primer, mupake mopyapyala, aume, ndipo mudinde tsiku lomwelo. Mukapukuta musagwirenso pamalopo ndi zala.

Inki zambiri za zinthu zosalala zimabwera pawiri, inki ndi hardener, mankhwala oilimbitsa. Muyeso wake uli pa chitini, zambiri zimakhala cha m'ma magawo 10 a inki pa gawo limodzi la hardener koma tsatirani za pa chitini chanucho, ndipo muyeze pa sikelo osati ndi supuni. Mukangosakaniza wotchi yayamba, pakatha maola ngati 8 inkiyo imakhala yatha ntchito ngakhale ikuoneka yamadzimadzi, nde sakanizani yokwana tsikulo basi. Kuthiramo thinala kuti yadzulo idzuke ndi kudzinamiza, imadindika bwinobwino koma siigwira.

Za mtundu, ngati kasitomala wakupatsani nambala ya Pantone, nambala yozindikirira mtundu, sakanizani mpaka ifanane, koma muziweruza inki itauma, pa nsalu yeniyeniyo, pa kuwala kwa masana. Yonyowa imanama. Lembani magalamu a mtundu uliwonse omwe mwathira kuti oda ikadzabweranso musadzayambirenso kulota.

Kukoka

Sikirini isagone pa nsalu, ikhale m'mwamba mamilimita awiri kapena atatu, izigunda pokhapo pomwe labala wokokera akudutsa n'kudzukanso yokha. Thirani inki kumtunda, muiyale kamodzi mopepuka kuti idzaze ukonde, kenako kokani kamodzi ndi mphamvu yofanana, labala ataweramira kwa inu pang'ono, cha m'ma madigiri 70. Labala wapakatikati kulimba, amene amalembedwa 70 uja, amakwanira ntchito zambiri, bola m'mphepete mwake mukhale mwakuthwa mopanda mano.

Mukanyamula sikirini muzimva kaphokoso kakuti yamatuka bwino, ndipo ukonde uzioneka woyera pa dizaini. Inki ikatsalira mu ukonde ndekuti mphamvu yachepa kapena inki yalimba. Ikatulukira m'mbali mwa zilembo ndekuti mwakanikiza kwambiri kapena labala mwamugoneka. Kanivasi wokhakhala pena amafuna kukoka kawiri, koma kachiwiriko kakhale kolowera komweko, osabwerera.

Pa nsalu yakuda yambani ndi yoyera, muiumitse pang'ono mpaka isamatenso chala, nde mubwere ndi mitundu ina, yowala poyamba yakuda pomaliza. Yoyera yapansiyo ichepeko pang'ono m'mbali kuti isasuzumire. Inki yamadzi ndi ya thinala zimauma mu ukonde mukangoima kucheza, nde mukapuma siyani mutayala inki pa ukonde, mukachoka nthawi yaitali tsukani.

Chinthu china: pa nsapato inki yopyapyala imakhala nthawi yaitali kuposa yochindikala. Pa malaya anthu amakonda yokhuthala yomveka ndi dzanja, pa nsapato imeneyo ndi imene imayamba kusweka.

Kuumitsa, ndipo apa moto umapha zambiri

Kuuma pamwamba ndi kupsa mpaka mkati ndi zinthu ziwiri. Plastisol sauma yekha olo mumusiye mwezi, amafuna afike madigiri a Celsius pafupifupi 160 mpaka mkati mwake. Inki yamadzi imafuna madzi atuluke kaye kenako madigiri 150 mpaka 160 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, pokhapokha ngati mwathiramo mankhwala oti iume popanda moto. Za hardener zija zimauma ndi mpweya, pakapita mphindi zochepa mutha kuzigwira koma kulimba kwenikweni kumatenga tsiku limodzi mpaka atatu, nde musazithamangitsire kosoka. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kolozera patali kaja, nambala yolembedwa pa uvuni si imene ili pa nsalu.

Nkhani ya poliyesitala wakuda kapena wofiira ija nayi. Utoto wake ukatenthedwa kupitirira madigiri cha m'ma 130 mpaka 140 umadzuka n'kulowa mu inki yanu, zoyera zija n'kusanduka zapinki kapena zotuwa, ndipo choipa n'chakuti pena sizioneka tsiku lomwelo, zimatuluka patapita masiku nsapato zili kale m'mabokosi. Mankhwala ake ndi inki yopsa pa moto wochepa komanso kuyala kaye inki yotchinga utoto pansi pa yoyera. EVA, PU ndi PVC musaziike mu uvuni wa plastisol, zimafota, zimatupa matuza, saizi n'kusintha.

Kumbukiraninso kuti moto sunathere pa tebulo lanu. Nsapato ikakokedwa pa chikombole imadutsa mu makina otentha opitirira madigiri 100 kuti igwire shepu, pena ndi nthunzi. Nsapato za kanivasi za soli ya labala wophika, monga za Vans zamabokosi akuda ndi oyera zija kapena za Converse, zimalowa zathunthu mu uvuni wa mpweya wopanikizika pa madigiri cha m'ma 120 mpaka 140 kwa ola kapena kupitirira kuti labala apse. Inki yanu iyenera kupirira zimenezo osasintha mtundu, osamata. Uzani wogulitsa inki kuti nsapato yanu idutsa moto wotani.

Ngati sikirini si njira yanu

Sublimation ndi yabwino pa dizaini ya mitundu yambirimbiri ngati chithunzi. Mumasindikiza pa pepala lake motembenuza, kuliika pa poliyesitala woyera, kukanikiza pa heat press, makina okanikiza ndi moto, madigiri 190 mpaka 200 kwa masekondi 40 mpaka 60. Utoto umalowa mu ulusi momwemo nde palibe chong'aluka, koma pa thonje siigwira, pa nsalu yakuda siioneka, ndipo nsalu imafupikako ndi moto choncho dindani kaye kenako mudule. Mapatapata a sublimation amakhala ndi kansalu ka poliyesitala pamwamba, si labala amene akulandira utotowo.

DTF, yosindikiza dizaini pa filimu kenako kuimata pa nsalu ndi moto, imagwira pa thonje ndi pa poliyesitala, yakuda kaya yoyera, madigiri 150 mpaka 160 kwa masekondi 10 mpaka 15. Pa maoda ang'onoang'ono ndi yothandiza zedi chifukwa palibe zowotcha masikirini. Koma ndi chinthu chomata pamwamba, pa lilime ndi pambali chimakhala, pomwe nsapato imapindikira paja ine sindingachiike chachikulu.

Pa malo okumbika kapena ozungulira monga pambali pa soli ndi pa chidendene, mafakitale amagwiritsa pad printing, kalabala kofewa ka silicone kamatola inki pa chitsulo chojambulidwa n'kukaidinda pamalopo. Pa chikopa chenicheni nthawi zambiri chidindo chachitsulo chamoto, chokhala ndi foil (kapepala konyezimira) kapena chopanda, chimaoneka bwino kuposa inki. Amene muli ndi laser, PVC musamuyandikize, utsi wake uli ndi chlorine, umawononga mapapo ndi makina omwe.

Yesani musanadinde mulu wonse

Inki ikapsa mokwanira tengani zidutswa zingapo muzizunze.

Chekani ndi lezala timizere topingasana pa inki, motalikirana milimita imodzi kapena awiri, osaboola nsalu. Matanipo selotepi yamphamvu, tsindirani ndi chala, muzule mwachangu. Yang'anani tepiyo. Ikatuluka ndi timabokosi ta inki, vuto ndi kupukuta, primer kapena inki yolakwika, ndipo kudinda kawiri sikungathandize. Kenako kulungani chala ndi kansalu koyera ka thonje mukhule pa dizaini maulendo 10 kouma, 10 konyowa, muone ngati katenga mtundu. Izi n'zofunika kwambiri pa zodinda za mkati mopondamo ndi pa mapatapata, chifukwa thukuta ndi kukhuzika kwa phazi zimachotsa inki yomwe panja ikanakhala zaka. Pomaliza pindani chidutswacho pa dizaini mobwerezabwereza mpaka dzanja litope, mukokenso mbali zonse, muyang'ane pa kuwala ngati payamba timing'alu. Ma labu monga a SATRA ku Kettering, England, ali ndi makina opinda chidutswa maulendo masauzande ambirimbiri, ndipo ogula akuluakulu amafuna lipoti lotero, koma dzanja lanu limagwira kale zolakwika zikuluzikulu.

Zikadutsa apa pangani peyala imodzi yathunthu, idutse monse: kusoka, chikombole, moto, guluu, soli. Muiike pa tebulo mapazi awiri pamodzi muone ngati dizaini yakhala pa msinkhu umodzi. Wina aivale masiku angapo, ainyowetseko. Muyesenso kukoka soli ndi manja cha kumphuno. Ngati pali nthawi pangani saizi yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri, chifukwa zolakwika za magulu a masaizi zimabisala kumapetoko. Kasitomala asainire peyala imeneyo musanapitirize.

Zidutswa zikachoka pa tebulo

Ntchito yabwino imaonongekanso m'manja mwa anzanu a kutsogolo. Musasanjikize zidutswa zikadali zofunda, ndipo posanja ikani pepala pakati, kapena dizaini isayang'anizane ndi dizaini inzake. Mangani m'mapeyala, kumanja ndi kumanzere kwa saizi imodzi, kuchokera mu inki ya tsiku limodzi, kuti mtundu usasiyane pa mapazi. Wosoka aone kuti phazi la makina silikukanda inki, likamakanda amatepo tepi kunsi kapena aike la teflon. Wokoka pa chikombole asagwire pa dizaini ndi pulayala. Ndipo wopaka guluu mumuuziretu kuti guluu akadonthera pa dizaini asapukute ndi thinala, achotse ndi labala wa crepe atauma, apo ayi adzachotsa ndi duwa lomwe.

Za thanzi musazitenge mopepuka, inki za thinala zili ndi mankhwala monga cyclohexanone omwe fungo lake limapweteketsa mutu ndipo amayaka. Mpweya uzidutsa, valani magolovesi ndi masiki ya mafiluta a mankhwala, ya nsalu ija siitchinga kanthu, ndipo zitini zikhale kutali ndi uvuni. Ngati nsapato zikupita kunja funsani malamulo a komweko musanagule inki: ku European Union malamulo a REACH amaletsa ma phthalate ena, mankhwala ofewetsa pulasitiki, kupitirira 0.1 peresenti komanso utoto wina wa azo, ku America penti ya pa zinthu za ana isapitirire 90 ppm, magawo 90 pa miliyoni, ya mtovu. Wogulitsa inki wolongosoka amakupatsani pepala losonyeza zimenezi. Zizindikiro za eni ake, kaya cha Nike kaya mizere itatu ya Adidas kaya zidole za m'makatuni, musadinde popanda chilolezo olo kasitomala akakamire, katundu amalandidwa.

Oda iliyonse ikhale ndi khadi lake: nsalu yake ndi kumene inachokera, nambala ya ukonde, magalamu a inki ndi hardener, maulendo okoka, madigiri ndi mphindi za uvuni, ndi kachidutswa kamodzi kodindidwa komatidwa pompo. Mafilimu ndi jig sungani mu envulopu imodzi ndi khadilo. Nsalu yatsopano ikabwera, olo dzina ndi mtundu zikhale zomwezo, bwerezani kayeso ka dontho la madzi ndi ka selotepi musanayambe, chifukwa opanga nsalu amasintha finishi osakuuzani.